Pakati pa "Mistake" ndi "Ndalakwa" Pali Zaka za Ukaidi

Mawu a Chingerezi akuti "mistake" analowa kalekale m'kamwa mwa anthu athu, ndipo tinawaumba kukhala "misiteki". Ku Zvishavane, tauni ya migodi ya ku Zimbabwe imene inkatchedwa Shabani mpaka 1982, mawuwa amamveka m'makomboni a Maglas, Mandava ndi Kandodo, kumene ana ndi adzukulu a amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique amasakaniza Chishona, Chichewa ndi Chingerezi popanda vuto. Wina akalemba nambala yolakwika potumiza ndalama pa foni amati yachitika misiteki, ndipo mnzake amamumvetsa. Pamsewu palibe chovuta. Chovuta chimayamba mawuwa akalowa m'chipinda mmene muli wolemba zonenedwa, kaya ndi m'khoti la majisitireti kaya pa komiti yoweruza antchito pa mgodi. Kumeneko "mistake" si dzina la kulakwa kulikonse ayi. Ndi dzina la mtundu umodzi wa kulakwa, umene nthawi zambiri umapulumutsa munthu, pamene "ndalakwa" wathu, amene timamuona ngati mnzake wa "mistake", amatha kulembedwa ngati kuvomera mlandu wonse. Ndikhulupirira kuti kusiyana kumeneku n'kofunika kukumvetsa bwino, chifukwa amene amapwetekeka nako ndi anthu aulemu, osati anthu ochenjera.

Gwero la mawuwa limanena kale zambiri. "Mistake" anachokera ku chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, ndipo tanthauzo lake linali kutenga chinthu china m'malo mwa chimene umafuna. Dzanja linapita pa khasu la mnzako ukuyesa ndi lako. Abale ake a mawuwa ali ndi magwero osiyana. "Error" anachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kusochera, ndipo lero amakonda kukhala m'maakaunti, m'makina ndi m'zigamulo za makhoti. "Wrong" poyamba ankatanthauza chinthu chokhota kapena chopindika, ndipo ndiye wotambasuka kuposa onse: yankho la samu likhoza kukhala "wrong", kupha munthu nakonso ndi "wrong". "Fault" amaloza mwini wa vutolo, koma anthu a m'migodi amawadziwanso pa tanthauzo lina, la mng'alu umene wadula thanthwe n'kusuntha mzere wa miyala. Mawu onsewa womasulira wachangu akhoza kuwapatsa liwu limodzi la Chichewa, kulakwa, ndipo palibe amene angamutsutse msanga.

Chimene chimapatula "mistake" pa anzakewo n'chakuti mkati mwake muli kusadziwa. Munthu sangachite "mistake" mwadala. Mzungu akanena kuti anachita chinthu "by mistake" akunena zinthu ziwiri pa kamodzi: kuti chinthucho anachitadi, komanso kuti mtima wake sunali pa chimene chachitikacho. N'chifukwa chake mawuwa ali pansi penipeni pa makwerero a kulakwa. Pamwamba pake pali "negligence", kusasamala kwa munthu amene sanafune choipa koma anayenera kuchiona chikubwera. Pamwamba pa apo pali "misconduct", kuswa malamulo a pantchito. Pamapeto pali "guilty", amene si mawu ofotokoza mmene munthu akumvera mumtima koma chigamulo chakuti mbali zonse za mlandu zakwanira pa iye. Sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba imathera pa kukonza cholakwikacho, yachiwiri pa kulipira, yachitatu pa kalata yochotsedwa ntchito, yachinayi pa ndende. Amene amadziwa Chingerezi cha malamulo amasankha mosamala sitepe yoimapo asanatsegule pakamwa.

Kwathu "ndalakwa" amagwira ntchito ina, ndipo ndi ntchito yolemekezeka. Mwana amene waswa mbale amati ndalakwa. Mkamwini amene wafika mochedwa pa maliro amati ndalakwa. Munthu amene mbuzi zake zadya chimanga cha mnansi usiku iye ali m'tulo amapita kwa amfumu n'kunena kuti ndalakwa, ngakhale kuti sanazitsegulire khola. Mawuwa sayankha funso lakuti kodi unadziwa kapena unafuna. Amanena kuti pakati pa iwe ndi ine paonongeka kanthu, ndipo sindikuthawa. Pabwalo la mudzi kapena pamaso pa ankhoswe, amene wayamba ndi kudzichepetsa kotere amatsegula njira yoti akulu afunse bwino mmene zinayendera, ndipo zakuti zinali zangozi zimatuluka pambuyo pake, nthawi zambiri kuchokera pakamwa pa ena omuikira kumbuyo. Munthu woyamba ndi kudziteteza amaoneka wamwano. Ndi mmenenso alili "pepani", amene timauza ngakhale munthu wopunthwa yekha pa mwala umene sitinauike ife. Dongosolo limeneli limayenda bwino kumene omvera onse akudziwa kuti kudzichepetsa ndi chiyambi chabe cha nkhani. Khoti la boma silinamangidwe motero. Kumeneko kuvomera kumatseka nkhani.

Lamulo la milandu la ku Zimbabwe, Criminal Law (Codification and Reform) Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006, lili ndi gawo lonse lokamba za "mistake". Likusiyanitsa kusadziwa mmene zinthu zinalili ndi kusadziwa lamulo. Pa milandu imene imafuna kuti munthu akhale atachita mwadala, monga kuba, kukhulupirira moona mtima chinthu chosakhala choona kumamumasula kotheratu. Wantchito amene watenga matabwa akale pa mgodi akukhulupiriradi kuti anatayidwa sanabe, chifukwa kuba kumafuna kuti adziwe kuti katunduyo ali ndi mwini wake. Pa milandu ya kusasamala, monga kupha munthu mosafuna, kukhulupirira moona mtima sikokwanira. Pamafunikanso kuti munthu wanzeru zake akanakhulupirira chimodzimodzi. Kusadziwa lamulo ndiye sikupulumutsa kawirikawiri, kupatula ngati munthu anatsatira malangizo a mkulu wa boma woyenera kudziwa, ngakhale kuti kukhoza kuchepetsa chilango. Ku Malawi nakonso Penal Code imanena pa ndime 7 kuti kusadziwa lamulo si chowiringula, ndipo pa ndime 10 imateteza amene anachita chinthu akukhulupirira moona mtima ndi mwanzeru kuti zinthu zili mwina. Choncho m'maiko onse awiri "mistake" ndi chishango chimene lamulo lenilenilo lapereka kwa woimbidwa mlandu.

Tsono taganizirani mmene chishangochi chimatayikira. Woimbidwa mlandu alibe loya, monga zilili ndi anthu ambiri m'makhoti aang'ono. Mlandu wawerengedwa m'Chingerezi, womasulira waufupikitsa n'kufunsa ngati akuvomera. Munthuyo, poona akuluakulu atakhala pamwamba, akuchita zimene analeredwa nazo: akuweramitsa mutu n'kunena kuti ndalakwa, mundikhululukire. Pa pepala palembedwa "guilty". Opanga malamulo a Zimbabwe anaiona ngozi imeneyi. Ndime 271 ya Criminal Procedure and Evidence Act imalamula kuti pa milandu yosakhala yaing'ono majisitireti afotokoze mbali iliyonse ya mlandu ndi kufunsa ngati woimbidwayo akuivomera, ndipo ndime 272 imati ngati pali chikaiko khoti lilembe kuti wakana. Lamulolo ndi labwino. Koma limagwira ntchito pokhapokha mafunsowo afunsidwa limodzilimodzi m'mawu amene munthuyo amaganizira, osati kuwerengedwa mothamanga kuti ayankhe "inde" kasanu. Ndipo mtengo wa kuthamangako si wochepa m'chigawo cha Midlands, mmene muli Zvishavane. Kuba ng'ombe kuli ndi chilango chosachepera zaka 9, kupezeka ndi golide popanda chilolezo zaka 5, kufufuza miyala popanda chilolezo zaka 2, pokhapokha woimbidwa mlandu ataonetsa zifukwa zapadera. M'dera lodzaza ndi makorokoza (okumba golide paokha) ndi ng'ombe zosokera m'midzi ya Mazvihwa ndi Mberengwa, milandu imeneyi si yachilendo. Munthu amene akuganiza kuti ulemu wake ndiwo umuchepetsere chilango sadziwa kuti manja a woweruza amangidwa ndi lamulo, ndi kuti chokhacho chimene chikanamuthandiza ndi nkhani imene waisiya m'mimba.

Pantchito zinthu zili chimodzimodzi, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Amuna amene anabwera ku migodi ya Southern Rhodesia, ena pa chibalo, ena pa Mthandizi (bungwe lolemba antchito), ena poyenda okha wapansi, anapeza lamulo la Masters and Servants la 1901, limene linkasandutsa kuthawa ntchito, kusamvera ndi kusasamala kukhala milandu ya kukhoti. Chinenero cha pansi pa mgodi chinali Chilapalapa, chopangidwira kulamula ndi kuyankha, chopanda malo ofotokozera kuti ndinayesa chingwe chamangidwa kale. Pamaso pa kapitawo ndi bwana wa komboni, njira yachidule yopulumukira inali kuvomera msanga. Lamulo lija linapita, koma chizolowezi cha kuvomera msanga chinatsala m'mabanja. Lero malamulo a khalidwe la pantchito a dziko lonse la Zimbabwe, Statutory Instrument 15 ya 2006, amatchula zolakwa zochotsetsa ntchito ndi mawu osankhidwa bwino: kusamvera lamulo mwadala, kuononga katundu wa olemba ntchito mwadala, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza ndi mokulira, kujomba masiku 5 kapena kuposerapo popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Mlandu wonse umakhala pa timawu timeneti, mwadala, mobwerezabwereza, popanda chifukwa. Wantchito amene walemba lipoti lake ndi chiganizo chimodzi chopepesa wapereka kwa komiti chimene komitiyo ikanavutika kutsimikiza.

Akatswiri a chitetezo m'migodi ndi m'mafakitale amadziwa kuti kusiyanitsa kumeneku kumateteza miyoyo. James Reason, m'buku lake la 1990 lotchedwa Human Error, anagawa zolakwa za anthu: pali kuphonya kwa dzanja pamene cholinga chinali chabwino, pali kuiwala, pali "mistake" yeniyeni pamene munthu watsatira bwino ganizo lolakwika, ndipo pali kuswa lamulo ukulidziwa. Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Kuphonya kumafuna kusintha chida kapena kuchepetsa kutopa, ganizo lolakwika limafuna maphunziro, kuswa lamulo kumafuna kufunsa chifukwa chake, pakuti nthawi zina amene akuswa ndi gulu lonse lokakamizidwa kukwanitsa matani a tsikulo. Pa mgodi ngati Mimosa kapena Murowa, wofufuza ngozi amene wakhutira ndi "ndalakwa" wapeza munthu womulanga koma sanapeze chimene chinachititsa ngoziyo, ndipo chidzapweteka wina pa shifiti yotsatira.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imandipweteka kwambiri, ndiyo ya amene amapindula ndi kufewa kwa mawuwa. Anthu aang'ono amatenga "guilty" pa zimene zinali "mistake", pamene akuluakulu amatcha "mistake" zimene ankazidziwa. Zvishavane yeniyeniyo ndi umboni. Mgodi wake wa asbestos wa Shabanie unali m'manja mwa kampani ya ku Britain ya Turner & Newall kwa zaka zambiri mpaka pamene unagulitsidwa kwa Mutumwa Mawere mu 1996. Mayi wina wogwira ntchito pa fakitale ya kampani yomweyo ya Turner Brothers ku Rochdale ku Britain, Nellie Kershaw, anamwalira mu 1924 mapapo ake ataonongeka ndi fumbi la asbestos, ndipo imfa yake inalembedwa m'magazini ya madokotala chaka chomwecho. Boma la Britain linakhazikitsa malamulo a fumbili m'mafakitale mu 1931. Mu 1955 Richard Doll anasonyeza, pogwiritsa ntchito mbiri ya antchito a fakitale yomweyo, kuti fumbili limayambitsa khansa ya m'mapapo. Wolemba mbiri Jock McCulloch anafufuza mmene antchito a migodi ya asbestos ya ku Zimbabwe ankagwirira ntchito m'fumbi zaka zonsezo. Anthu akhoza kutsutsana za kuopsa kwa asbestos woyera poyerekeza ndi mitundu ina, ndipo boma la Zimbabwe lakhala likuteteza malonda ake, ngakhale kuti World Health Organization imati mitundu yonse imayambitsa khansa. Koma palibe anganene moona kuti eni mgodi sankadziwa kuti fumbili limapha. Pamene pali kudziwa, mawu akuti "mistake" sakwanapo. Ambiri mwa amene anapuma fumbilo anabwerera kwawo ku Malawi akutsokomola, kutali ndi dokotala aliyense wa kampani, ndipo mlandu suwola.

Ena adzati vuto ndi Chichewa chenichenicho, kuti n'chosauka mawu ndipo sichingathe kunyamula malamulo. Zimenezi si zoona, ndipo aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu akudziwa. Tili ndi mwadala, mwangozi, mosadziwa, mosasamala, mwaphuma, mwachinyengo. Timasiyanitsa kuphonya ndi kuchimwa, kulakwitsa samu ndi kulakwira munthu, kusokoneza ndi kupalamula. Mneni umodzi womwewo umasintha tanthauzo ndi kachidutswa kakang'ono: chinthu chalakwika popanda wochititsa, ine ndalakwitsa pochita, ndakulakwira iwe. Kumene Chingerezi chimasintha dzina la cholakwacho, Chichewa chimasintha mneni kapena kuwonjezera liwu lofotokoza mmene zinachitikira. Chosowa si mawu ayi koma funso. Womasulira akafunsa kuti "Kodi mukuvomera kuti munalakwa?" walandira yankho la ulemu. Akafunsa kuti "Pamene munkaitenga ng'ombeyo, munkadziwa kuti ndi ya munthu wina?" walandira yankho la mlandu.

Ena adzati nkhaniyi inatha ndi m'badwo wa agogo, popeza adzukulu a ku Maglas anabadwira m'Zimbabwe, amalankhula Chishona ngati eni ake ndipo anaphunzira Chingerezi kusukulu. Pali choona pamenepa. Koma Chishona nachonso chili ndi kutadza ndi kukanganisa, mawu amene munthu amanena podzichepetsa asanafunsidwe ngati anali ndi cholinga, kotero kusintha chinenero sikuchotsa msamphawo. Chingerezi cha kusukulu nachonso sichiphunzitsa kuti "mistake" ndi chitetezo cha m'malamulo. Chimaphunzitsa kuti ndi chimene aphunzitsi amachonga ndi inki yofiira. Komanso okalamba akadalipo, amene anatsala m'nyumba za mgodi wa Shabanie ntchito itaima boma litaulanda mu 2004, ndipo ndi iwowa amene amayenda m'maofesi kutsata penshoni ndi zitupa. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo amapatsa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa zonse m'chinenero chimene akumva. Ufulu umenewo sunalembedwe kuti ukhale wa anthu okhawo osadziwa Chingerezi mpang'ono pomwe. Ndi wa aliyense amene angamve mawu koma osamva kulemera kwake. Ku Malawi, kumene makhoti amalemba m'Chingerezi zimene anthu anena m'Chichewa tsiku ndi tsiku, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ku Zvishavane.

Chitsutso champhamvu kwambiri n'chakuti kuphunzitsa anthu zimenezi ndi kutsegulira akuba khomo, chifukwa aliyense wogwidwa adzangoti inali misiteki. Nkhawa imeneyi siyenera kunyozedwa, pakuti amene anaberedwa ng'ombe naye ndi munthu wosauka wofuna chilungamo. Komabe kunena kuti sindinadziwe sikumasula munthu pakokha. Khoti limayesa mawuwo ndi umboni: ng'ombeyo inali ndi chizindikiro cha ndani, anaiyendetsa masana kapena usiku, anaigulitsa pa mtengo wanji, anauza ndani. Bodza limagwa pa mafunso oterewa. Ndiponso akuba ozolowera safunika kuphunzitsidwa ndi nkhani ngati ino. Anaphunzira kale m'ndende kukana chilichonse. Dongosolo limene limadalira kuvomera msanga silikola iwowo. Limakola munthu woyamba kuima m'khoti, amene akuchita manyazi kuti dzina lake latchulidwa pagulu. Ngati cholinga ndi kulanga olakwa enieni, kufunsa bwino kumathandiza cholingacho.

Nanga tiphunzitse ana athu kusiya kunena kuti ndalakwa? Ine ndikuti ayi. Mwambo wovomera kuti mnzako wapwetekeka chifukwa cha iwe, ngakhale usanadziwe ngati unali ndi mlandu, ndi chuma chimene maiko ena akuyesa kuchibwezeretsa ndi malamulo. Ku England ndi Wales, Compensation Act ya 2006 inachita kulemba kuti kupepesa pakokha sikutanthauza kuvomera kusasamala, chifukwa anthu anali atafika poopa kunena pepani pa ngozi ya galimoto. Amene ayenera kusintha ndi omvera amene ali ndi cholembera. Majisitireti akamva "ndalakwa" aziona ngati munthu wapempha kulankhula, n'kumufunsa kuti zinayenda bwanji asanalembe kanthu. Womasulira azibweza mawuwo monga alili, kuti munthuyu akupepesa, osawasandutsa yekha chigamulo. Nthumwi za mabungwe a antchito m'migodi zizikhala ndi mnzawo asanalembe lipoti, n'kumuthandiza kulemba padera chimene anachita, chimene ankadziwa pa nthawiyo ndi chimene anauzidwa ndi kapitawo. Yunivesite ya Midlands State, imene ili ndi nthambi ku Zvishavane komweko komanso bungwe lake la zinenero ku Gweru, ili pamalo abwino okonzera omasulira a m'makhoti kabuku ka Chichewa ndi Chishona kosonyeza mafunso oyenera kufunsa pa kuba, pa golide ndi pa ng'ombe, mlandu uliwonse ndi mbali zake.